Kutsuka m'thupi kwa Ayurveda sikugulidwa m'paketi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani ya mankhwala otsuka m'thupi amene akutsatsidwa kwambiri pa intaneti m'dzina la Ayurveda, njira yakale yochizira matenda ya ku India. Otsatsawo amalonjeza kuti tiyi, ufa kapena mapiritsi awo atulutsa poizoni yense amene wakhala akuunjikana m'thupi, ndipo amatchula panchakarma, chithandizo cha Ayurveda chotsuka m'thupi, pofuna kutitsimikizira kuti malonda awo ndi nzeru za makolo. Chandichititsa kulemba n'chakuti chithandizo chenicheni cha panchakarma n'chosiyana kotheratu ndi zimene zili m'mapaketimo, ndipo munthu wochidziwa sangavomere kuti chichitikire kunyumba popanda woyang'anira.

Malinga ndi mabuku akale a Charaka Samhita ndi Sushruta Samhita, amene analembedwa pafupifupi zaka 2,000 zapitazo, thanzi limadalira kugwirizana kwa mphamvu zitatu za m'thupi zotchedwa vata, pitta ndi kapha. Chakudya chikapanda kugayika bwino chimasiya zotsalira zotchedwa ama, zomwe amati zimatseka njira za m'thupi n'kuyambitsa matenda. Njira zozitulutsira zilipo zisanu, zomwe pamodzi zimatchedwa panchakarma, ndipo palibe imene ili yofewa: kusanzitsa wodwala mwadala, kumutsegula m'mimba, kumupopera mafuta kapena madzi a zitsamba kudzera kotulukira chimbudzi, kumuthira mankhwala m'mphuno, ndiponso, kwa otsatira Sushruta, kumuchotsa magazi pang'ono, nthawi zina pogwiritsa ntchito misundu.

Chimene otsatsa sanena n'chakuti sing'anga wa Ayurveda safikira pa zisanuzi tsiku loyamba. Amayamba wapima wodwala kuti aone ngati thupi lake lingapirire, kenaka kwa masiku atatu mpaka asanu ndi awiri amamumwetsa mafuta a mkaka otchedwa ghee, mlingo wake ukuwonjezeka tsiku ndi tsiku, amamusisita ndi mafuta ofunda, n'kumukhazika pa nthunzi kuti atuluke thukuta. Akamaliza kumusanzitsa kapena kumutsegula m'mimba samulola kudya chilichonse chimene mtima wafuna, koma amamuyambitsa phala la mpunga lamadzimadzi, n'kumalilimbitsa pang'onopang'ono kufikira m'mimba mutakhazikika. Mabuku omwewo amaletsa kusanzitsa amayi oyembekezera, ana aang'ono, okalamba ndi anthu ofooka. Ndikaona zimenezi ndimawapatsa ulemu akale aja, chifukwa anazindikira kuti akugwira ntchito yoopsa ndipo anaiikira malire, pamene wogulitsa wa lero amatumiza paketi kwa aliyense amene walipira, osafunsa n'komwe zaka zake kapena mankhwala ena amene akumwa.

Ku India komweko ntchitoyi si ya aliyense. Woti akhale dokotala wa Ayurveda amaphunzira zaka zisanu ndi theka kuti apeze digiri ya BAMS, ndipo kuyambira mu 2014 boma lili ndi unduna wa AYUSH woyang'anira njira zoterezi. M'chigawo cha Kerala, kumene chithandizochi n'chotchuka makamaka m'nyengo ya mvula, muli malo ngati Arya Vaidya Sala ku Kottakkal, amene anakhazikitsidwa mu 1902, komwe wodwala amagonekedwa n'kumaonedwa tsiku lililonse.

Komabe ulemu sukundiletsa kufunsa funso lalikulu, loti kodi chimene chikutsukidwacho n'chiyani kwenikweni. Ama sangapimidwe m'magazi kapena m'mkodzo monga amapimira shuga, choncho palibe angaonetse kuti analipo wochuluka chotani ndipo watsala wochuluka chotani. Ntchito yochotsa zoipa m'magazi imagwiridwa usana ndi usiku ndi chiwindi, chimene chimaziphwanya, ndi impso, zimene zimazisefera mu mkodzo, ndipo ziwalo zimenezi zikafooka, kusanza kapena kutsegula m'mimba sikungazilowe m'malo. Sindikutsutsa anthu amene amati anapepukidwa atachoka ku panchakarma, pakuti munthu amene wapuma milungu iwiri, akudya mopepuka, akugona mokwanira, wasiya mowa ndi fodya, ndiponso akusisitidwa tsiku lililonse, sangalephere kumva bwino. Koma kupepukidwako si umboni wakuti poizoni wina watuluka. Ndipo kwa wodwala mtima, impso kapena shuga, kutaya madzi ambiri pamodzi ndi mchere wa potaziyamu kungasokoneze kagundidwe ka mtima mpaka kufika pangozi.

Pali chinanso chimene chimandidetsa nkhawa koposa, chifukwa apa mankhwala olonjeza kuchotsa poizoni ndi amene angamulowetse m'thupi. Mu Ayurveda muli nthambi yotchedwa rasa shastra, imene imasakaniza dala zitsamba ndi zitsulo zowotchedwa mpaka kukhala phulusa lotchedwa bhasma, pokhulupirira kuti kakonzedweko kamachotsa ululu wake. Mu 2004 magazini ya zachipatala ya JAMA inafalitsa kafukufuku wa Robert Saper ndi anzake, amene anagula mankhwala 70 a Ayurveda m'masitolo a ku Boston n'kupeza kuti 14 mwa iwo anali ndi zinthu zapoizoni, zomwe ndi mtovu, mercury kapena arsenic. Mu 2008 anabwereza ndi mankhwala 193 ogulidwa pa intaneti, ndipo zotsatira zinali pafupifupi zomwezo, amodzi mwa asanu alionse. Mu 2012 bungwe la CDC, loona za matenda ku America, linalengezanso za amayi oyembekezera a mumzinda wa New York amene anapezeka ndi mtovu wambiri m'magazi atamwa mankhwala otere. Mtovu umawononga ubongo wa mwana ngakhale asanabadwe, ndipo poti zizindikiro zake zoyamba ndi kutopa, kupweteka m'mimba ndi kudzimbidwa, wodwala angaganize kuti thupi lake ladetsedwa n'kuwonjezera mlingo wa chinthu chomwe chikumudwalitsa.

Sikuti mankhwala onse a Ayurveda ali ndi zitsulo, ndipo kungakhale kulakwa kuwaika onse m'gulu limodzi. Vuto n'lakuti wogula sangasiyanitse ndi maso, makamaka pamene paketi yangolembedwa kuti ndi zachilengedwe.

Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti musanalandire malonda a mankhwala otsuka m'thupi, wotsatsa aziyamba waonetsa zonse zimene zasakanizidwamo, anene ngati muli bhasma, apereke chikalata cha labotale yodziimira payokha chosonyeza kuti anapima mtovu, mercury ndi arsenic, ndiponso alembe poyera magulu a anthu amene sayenera kumwa. Atolankhani anu a zaumoyo angathandizenso pokumbutsa owerenga amene akumwa kale mankhwalawa kuti akauze adokotala awo dzina la chimene akumwa, popeza mtovu umapezeka popima magazi.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu