Lipoti la Msonkhano Wokambirana Mbiri ya Igor Sikorsky

A Wapampando ndi mamembala nonse a gulu lathu la aphunzitsi a sayansi, landirani lipoti la msonkhano umene munandituma, womwe unakambirana za moyo ndi ntchito za Igor Sikorsky, injiniya wa ndege amene anabadwira ku Kyiv, mzinda umene panthawiyo unali pansi pa ulamuliro wa Russia, mu 1889 ndipo anamwalira ku Connecticut, m'dziko la America, mu 1972.

Wokamba nkhani anayambira pa zaka za 1909 ndi 1910, pamene Sikorsky anapanga mahelikopita awiri amene analephera kunyamula munthu chifukwa mainjini a nthawi imeneyo anali ofooka. Ataona zimenezi anayamba kupanga ndege za mapiko, ndipo mu 1913 anaulutsa Russky Vityaz, ndege yoyamba ya mainjini anayi. Ulamuliro utasintha ku Russia, anasamukira ku America mu 1919 ali wopanda chuma, moti ku New York ankaphunzitsa masamu anzake othawa kwawo kuti apeze chakudya.

Mbali ya malonda, imene ine ndinaiona yofunika kwambiri, nthumwi zinaidutsa mofulumira. Kampani yake inayambira pa famu ya nkhuku ku Long Island mu 1923, ndipo mu 1929 inalowa mu kampani yaikulu ya United Aircraft. Ndege zake zotera pamadzi, monga S-42 imene kampani ya maulendo a pandege ya Pan American inkagwiritsa ntchito, ndi zimene zinamubweretsera dzina ndi ndalama, ndipo malonda a ndegezi atayamba kulowa pansi m'pamene anabwerera ku helikopita, patadutsa zaka pafupifupi 30. Pa 14 Seputembala 1939 anaulutsa yekha helikopita yake ya VS-300 itamangiriridwa pansi ndi zingwe, ndipo R-4 ya mu 1942 inakhala helikopita yoyamba kupangidwa yambirimbiri.

Tinakhalitsa pa kapangidwe ka VS-300. Injini ikamazunguza mapiko akuluakulu apamwamba, thupi la helikopita limafuna kuzungulira mosemphana nawo, choncho Sikorsky anaika timapiko tina kumchira toti tizikankhira cham'mbali ndi kuletsa kuzungulirako. Mahelikopita ambiri amapangidwa motero mpaka lero.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu wotsatira tikambirane zogwiritsa ntchito chitsanzo chimenechi pophunzitsa lamulo lachitatu la Newton (lonena kuti chinthu chikakankha chinzake, nacho chimakankhidwa mosemphana ndi mphamvu yofanana), komanso tisankhe anthu awiri oti apange kahelikopita ka makatoni ndi kamota ka batire koonetsera ophunzira.