Aise, a Kontuwa akufuna atlasi yawo

Mangochi, Lachiwiri usiku

Aise,

Kaya uli bwanji ku Joniko. Kuno tilipo, kungoti dzuwa la Okutobala latiwotcha, usiku tikugona pakhonde ngati mbuzi. Foni yako ndayesa katatu osalowa, ndiye ndati bola pepala, mlamu wako akapereka kwa a thiransipoti Lachisanu. Katundu uja anafika, koma nsapato zandithina, akuvala ndi mphwanga. Kodi unayiwala kuti phazi langa ndi ngati nkhafi? Mlongo wako wachira, mwana wamwamuna, onse ali bwino. Zimenezo akuuza okha, ine yanga ndi ina.

Loweruka ndinakumana ndi a Kontuwa, aphunzitsi athu aja. Eya, iwo omwe! Ndinawapeza pamsika akunenerera usipa. Akalamba aise, mutu wonse mbuu, ndodo m'manja, koma chipewa n'chomwe chija. Ndinavula kapusi n'kuwapatsa moni ndi manja awiri. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako akuti, "Si iwe unkawodzera kumbuyo uku ukununkha nsomba? Nanga mnzako wamakani uja ali kuti? Atlasi yanga abweza liti?"

Ndinaseka mpaka mayi wogulitsa tomato anatembenuka. Koma iwo sanaseke ayi. Chibwerekere 2009, aise! Ikanakhala ngongole ya katapila bwenzi utagulitsa kale malata a nyumba ya amayi ako. Ndinayesa kukuikira kumbuyo, ndati Sala, bukulo linatha ntchito, mulibe South Sudan, ndipo Eswatini idakali Swaziland. Iwo akuti mapiri ndi mitsinje sizinasamuke. Ndiye ndayamba kukayika: kodi sunalibe dala kuti uzionerapo njira? Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, zonse zija unkazitchula ngati nyimbo tisanalembe n'komwe mayeso. Ukamangidwa kumeneko usadzati ndi nkhani ya mapepala, ndi atlasi imeneyo ikukutsata.

Chionereni iwo tulo sindikupeza bwino. Ndikungokumbukira tsiku lija tili Fomu 2 anatiyendetsa wapansi masana dzuwa lili pamutu mpaka pa mlatho wa Bakili Muluzi. Anatiimika pamenepo n'kufunsa kuti madziwa akupita kuti. Iwe unati "kumunsi," kalasi yonse n'kufa nacho chikhakhali. Iwo phee, kenako anayamba kuwalondola ndi chala: alowa m'Malombe, atuluka, afika pa Liwonde pomwe pali zitseko zowabweza, atsetsereka kukazunguza makina pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Akuti babu ikayaka ku Blantyre, dziwani kuti ndi madzi omwe mwachapiramo yunifolomu. Ndiye anatiuza kuti kuyambira 1915 mpaka 1935 nyanja inatsika kwambiri moti inaleka kuthira mu Shire, mchenga utatseka pakamwa pa mtsinje. Ine ndinabadwira m'mbali mwa Shire yemweyu, ndinkamuyesa chinthu chosagwedezeka ngati phiri. Tsiku limenelo ndinachita naye mantha koyamba.

Pobwerera anatiimitsa pa wotchi ija ya 1903, ija tinkangodikirirapo kabaza. Mfuti ili pambali pakeyo ndinkaiyesa chitsulo chotayidwa. Akuti inali pa sitima ya Gwendolen, yomwe mu 1914 inapita ku Liuli kukaombera sitima ya Majeremani, nkhondo yaikulu ya azungu itangoyamba kumene. Anatiwerengetsanso za sitima ya Vipya, yomwe inamira mu 1946 ndi anthu 145. Iwe unkangofunsa ngati zibwera pa mayeso.

Chomwe sindinakuuzepo ndi ichi. Nditalemba JCE amalume anali atandisungira kale malo m'boti, ineyo n'kuvomera, poti ndalama ya usiku umodzi inkaoneka yambiri. A Kontuwa anapalasa njinga mpaka kwathu. Anakhala pamkeka ndi amalume kuyambira masana mpaka azana ya madzulo, ine ndikusuzumira kuseri kwa nkhokwe. Sanatchule zoti sukulu ndi tsogolo ngati amanenera ena onse. Anangowafunsa kuti chambo chomwe ankagwira m'Malombe ali anyamata chinapita kuti. Amalume anadandaula ola lathunthu, za makoka a maso aang'ono, za anthu okokera m'malo oswanirana. Pomaliza a Kontuwa akuti, "Ndiye m'banja mwanu muno pasapezeke ndi mmodzi yemwe wodziwa kulemba zimenezi?" M'mawa mwake amalume anagulitsa mbuzi.

Lero ndi ine pano ndi choko, Sitandade 7, ana odzaza mpaka pakhomo. Anyamata ukawafunsa chomwe akufuna kudzakhala, onse akuti Joni. Olakwa ndinu, mumabwera pa Idi ndi magalimoto obwereka ndi mawilo onyezimira, osanena kuti mumagona asanu m'chipinda chimodzi. Mwezi watha ndinawatengera kumtsinje n'kufunsa funso lomwe lija. Kamtsikana kena kakuti, "Nanga akafika kunyanja ya mchere amabwerera bwanji?" Aise, pakhosi panandiuma.

A Kontuwawo zinthu sizili bwino. Ndalama zawo zopumira ntchito akuti akungowayendetsa, lero bwerani mawa. Usipa anagula wa kambale kamodzi. Ndinafuna kuwalipirira, anakana, ndiye ndinangomutsinzinira wogulitsayo kuti awonjezere. Za iwe sanalankhule choipa. Akuti mwa tonse ndiwe wekha unakayesa mapu ndi mapazi. Koma bukulo akulifuna basi.

Ndiye ukamatumiza katundu wa Disembala uikemo atlasi yatsopano, yachikuto cholimba, ndi kenakake m'kati mwa masamba, ukudziwa. Tikapereke limodzi ukabwera, ngati ubwere, poti chaka chatha unatinso ubwera. Kandulo watsala pang'ono kutha, pepala nalo ndang'amba m'kope la mwana wa eni. Za mbuzi yako yomwe inadya chinangwa cha a Shehe ija, mlandu wake udakalipo, ndipo akuti