INR si ya mankhwala onse osungunula magazi

A Mkonzi,

Zomwe zachitika pachipatala china kuno ku Chigwa cha Shire n'zokwiyitsa. Agogo ena amamwa apixaban, mankhwala osungunula magazi, 5 mg kawiri pa tsiku, chifukwa mtima wawo umagunda mosalongosoka. Atawayeza INR (muyezo wa nthawi imene magazi amatenga kuti aundane) n'kutuluka 1.1, wachipatala anawauza kuti magazi "sanasungunuke", azimwa mapiritsi awiri m'mawa, awiri madzulo. Sabata isanathe anabwera nawo pa kabaza, kamfuno wosaleka, chimbudzi chili bii ngati phula. Mwagwira ntchito adokotala!

INR anaikonzera mankhwala akale a warfarin basi, ndipo uko n'komwe timafuna 2 mpaka 3. Mwa mankhwala atsopano osungunula magazi, apixaban ndi rivaroxaban amagwira Factor Xa, dabigatran amagwira thrombin, ziwirizi ndi zinthu za m'magazi zowathandiza kuundana. Munthu akhoza kukhala ndi apixaban wokwanira m'thupi, INR osasuntha n'komwe. Rivaroxaban amaikweza ndithu, koma mosadalirika: zimatengera mankhwala a mu labu komanso nthawi, poti amachuluka m'magazi pakatha maola 2 mpaka 4 munthu atamwa. Choyezera choyenera cha apixaban ndi rivaroxaban ndi anti-Xa. Nanga anti-Xa wake mukampeza kuti, ku Makhanga?

Choncho funsani ndi pakamwa. Wamwa liti komaliza? Theka la mankhwalawa limatha m'thupi pakadutsa maola pafupifupi 12, n'chifukwa chake timasiyitsa maola 24 pa opaleshoni yaing'ono, 48 pa yaikulu. Yezani creatinine, woonetsa mmene impso zikugwirira ntchito, chifukwa dabigatran wambiri, pafupifupi 80 peresenti, amatuluka kudzera mu impso, ndiye taganizani nkhalamba yotsegula m'mimba pa dzuwa la Okutobala ku Ngabu. Funsaninso za rifampicin wa TB ndi carbamazepine wa khunyu, amene amafoola mankhwalawa. Ndipo magazi akayamba kutuluka musadzinamize ndi vitamini K, sabweza kanthu pa mankhwalawa.

Apo sindinanene za kabotolo ka chivindikiro cha buluu koyezera INR, kothiridwa magazi theka, osafika pamzere, kenako n'kutsala padzuwa kudikira galimoto yokwera Thabwa. Zotsatira zake timaziwerenga ngati Uthenga Wabwino! Ogulitsa mankhwala ku Blantyre nawonso angolandira ndalama, m'buku la kuchipatala osalembamo kalikonse.

A Unduna wa Zaumoyo, a Medical Council, a PMRA oyang'anira mankhwala, kodi mukudikira maliro? Sindikizani pepala limodzi lokha lofotokoza zimenezi, mumate mu labu iliyonse ku Chikwawa ndi Nsanje, ndipo dzina la mankhwala ndi nthawi yomwera zizilembedwa patsamba loyamba la buku la wodwala.

Wodandaula,
Nchalo