Ndivomere ukonzi wopanda malipiro?

Alangizi,

Ndine mayi wophunzitsa pa yunivesite. Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala ndikuwunika mapepala a kafukufuku amene anzathu amatumiza ku magazini a zamaphunziro. Pepala lisanasindikizidwe, mkonzi amalitumiza kwa akatswiri awiri kapena atatu kuti aone ngati wolemba anafufuza mwa njira yoyenera, komanso ngati ziwerengero zake zikuvomerezana ndi zomwe akunena. Pa ntchitoyi sitilandira kanthu, ndipo kawirikawiri wolembayo sadziwa n'komwe amene wamuwunika.

Tsopano magazini ina yandipempha kuti ndikhale mmodzi wa akonzi ake. Nakonso malipiro kulibe. Ndiye ndili kakasi.

Mkulu wa dipatimenti yathu wandiuza mosapsatira kuti imeneyo ndi thangata. Akuti komiti yokweza anthu pantchito imawerenga mapepala amene munthu wasindikiza, osati a eni ake amene wawongola. Sakunama ayi. Ntchito zanga zowunika ndinazilembetsa pa ORCID, kaundula wa pa intaneti wosonyeza ntchito za ofufuza, koma palibe anazifunsapo. Nawonso amuna anga akudandaula kuti Loweruka ndi Lamlungu ndimathera pa kompyuta, chonsecho pepala langa lili pompaja.

Koma mtima ukukana kuzisiya. Posachedwapa ndinawunika pepala lolembedwa bwino ndithu, loti ungalivomereze ukungowerenga mothamanga. Nditafika pa tebulo lachitatu, anthu ofunsidwa anachuluka kuposa amene anatchulidwa koyambirira. Ndinatenga pensulo n'kuphatikiza mzere ndi mzere: gulu lina linawerengedwa kawiri. Wolemba atakonza, kusiyana kumene ankanyadira kunatheratu. Likanatuluka momwemo, ena akanalitchula m'mapepala awo, ophunzira n'kumaliloweza ngati zoona. Amene amatseka mipata yotereyi ndi anthu ongodzipereka, ndipo akuchepa. Akonzi amapempha uyu akana, uyo sayankha, pepala la munthu n'kugona miyezi.

Chondiwawa n'chakuti makampani akuluakulu osindikiza amalipiritsa malaibulale kuti awerenge, ena amalipiritsa olemba kuti asindikize, pomwe ife tikugwira yaulere. Mu 2015 akonzi onse a magazini ya Lingua anatula pansi udindo chifukwa cha mitengo yomweyi, kenako anayambitsa yawo yotchedwa Glossa, yomwe aliyense amawerenga osalipira. Iwo anali akuluakulu odziwika. Ine ndikadali pansi, ndikufuna kukwezedwa ngati wina aliyense.

Alangizi, ndithandizeni nzeru. Kodi ndivomere? Ndikavomera, ndiwafikire bwanji akuluakulu anga kuti andichepetsereko makalasi, osaoneka ngati ndikuthawa ntchito? Nanga ndikakana, ndimuuza chiyani mkonzi wamkuluyo? Ndi iye amene anandiongolera pepala langa loyamba mzere ndi mzere, osalandira kanthu, ndipo yankho akulifuna mwezi uno usanathe.

Ndine,
Mphunzitsi wothedwa nzeru