Lipoti la msonkhano wa misika ya futures, kwa gulu lathu la alimi ndi ogula mbewu ku Thondwe

A wapampando, akomiti ndi mamembala nonse, nali lipoti la msonkhano wa ku Blantyre womwe munandituma, wokhudza misika ya mbewu ya kunja. Zinakambidwa zinali zambiri, za malisiti a nyumba zosungiramo mbewu, za ngongole, za mayendedwe a katundu, koma zimenezo ndidzafotokoza pakamwa tikakumana. Pano ndalemba nkhani imodzi yomwe ndaona kuti ingatithandize pa funso lomwe limatigawanitsa chaka chilichonse: tigulitse soya ndi chimanga tsopano, kapena tisunge? Nkhani yake ndi nambala yomwe amaitcha open interest.

Ndiyambe ndi futures. Ili ndi pangano loti wina adzagula ndipo wina adzagulitsa mbewu yochuluka mwakuti, mwezi wakuti, pa mtengo womwe agwirizana lero. Ku msika wa JSE ku Johannesburg, pangano limodzi la chimanga choyera ndi matani 100, kapena kuti matumba 2,000 a makilogalamu 50. Ku Chicago pangano limodzi la soya ndi pafupifupi matani 136. Apa mwaona kale kuti ochita malonda kumeneko si anzathu a pa Jali kapena pa Songani. Ndi makampani ogaya ufa, opanga mafuta ophikira ndi zakudya za nkhuku, mabanki, komanso mabungwe oyendetsa ndalama za anthu ambiri. Iwo akasuntha, mtengo umasuntha, ndipo pakapita nthawi mphepo yake imatipeza kuno.

Tsiku lililonse msika umatulutsa nambala ziwiri zomwe anthu amazisokoneza. Volume ndi mapangano onse omwe agulidwa ndi kugulitsidwa tsikulo. Open interest ndi mapangano omwe adakali amoyo, omwe eni ake sanawatseke. Amayi a banki m'khonde mumvetsa msanga: ndalama zomwe zadutsa pa mphasa tsiku la msonkhano ndi zina, ngongole zomwe zidakali m'buku ndi zina. Wogula watsopano akakumana ndi wogulitsa watsopano, open interest imakwera ndi pangano limodzi. Wina akangopatsira mnzake pangano lomwe anali nalo kale, nambalayi siyisintha ngakhale volume yakwera. Onse awiri akatseka, imatsika.

Phindu lake limaoneka ukaiyika pambali pa mtengo. Mtengo ukamakwera, open interest nayo ikukwera, ndiye kuti ndalama zatsopano zikulowa ndipo kukwerako kuli ndi poimira. Koma mtengo ukamakwera open interest ikutsika, kawirikawiri amakhala aja anagulitsa poyembekezera kuti mtengo ugwa, tsopano akugula mothamanga kuti atuluke asanaluze zambiri. Kukwera kotereku sikuchedwa kutha mphamvu. Ine apa ndi pomwe ndinatchera khutu kwambiri, chifukwa ndi kukwera kwa mtundu umenewu komwe kumapusitsa munthu kuti apitirize kusunga matumba mpaka anankafumbwe alowamo. Mtengo ukamatsika zimawerengedwanso chimodzimodzi: kutsika komwe open interest ikukwera nkoopsa kuposa kutsika komwe anthu akungotseka mapangano awo.

Nambalayi payokha siyikuuza kuti walowa ndani. Pangano lililonse lili ndi wogula ndi wogulitsa, choncho sungaloze open interest nkunena kuti akuluakulu akugula. Ku America vutoli analichepetsa. Bungwe la boma loyang'anira misikayi, la CFTC, limatulutsa lipoti lotchedwa Commitments of Traders Lachisanu lililonse, usiku nthawi yathu ino, ndipo aliyense akhoza kuliwerenga pa intaneti osalipira. Limagawa open interest m'magulu: olima, ogulitsa ndi ogaya mbewu paokha, oyendetsa ndalama za anthu paokha, ndi ena. Gulu loyambali limalowa pamsika kuti lidziteteze, chifukwa mbewuyo lili nayo kapena likuifunadi. Gulu lachiwirili limangofuna phindu la kusintha kwa mtengo, ndipo likaunjikana mbali imodzi, tsiku lotuluka limatuluka lonse pamodzi. Chofunika kukumbukira nchakuti nambala za Lachisanuzo zimakhala za Lachiwiri. Ndiye timakhala tikuona komwe adutsa, osati komwe ali.

Palinso mtundu wina wa pangano wotchedwa options, pomwe munthu amalipira kandalama kuti akhale ndi ufulu wogula, womwe ndi call, kapena wogulitsa, womwe ndi put, pa mtengo woikika, koma sakakamizidwa kutero. Open interest ya options imaonetsedwa pa mtengo uliwonse, ndipo pomwe mapangano adzadzana ndi pomwe maso a makampani ali. Musaganize kuti izi nzachilendo kwa ife Amalawi. Mu 2005, chaka cha njala chija, boma lathu linagula call kudzera ku Standard Bank, ya matani 60,000 a chimanga choyera, yotsamira pa mitengo ya msika wa ku South Africa. Cholinga chinali choti chimanga chikadula, dziko lisadzagule pa mtengo wolusa. Zinandikhudza kumva kuti chida chomwe chinathandiza kubweretsa chakudya m'midzi yathu ndi chomwechi chomwe lero ena akuchisandutsa juga.

Pali msampha wina wosavuta kugweramo. Pangano likayandikira kutha, monga la July, open interest yake imatsika kwambiri chifukwa anthu akusamukira ku la September kapena December. Kumeneko si kuthawa msika ayi. Tiziwerenga miyezi yonse pamodzi.

Tsono maganizo anga ndi awa, ndipo ndikuwanena mosapsatira. Nambala zimenezi zitithandize kudziwa nyengo, koma zisatilamule. Mtengo wa pa Thondwe umamveranso mvula ya kuno, malamulo a boma oletsa kapena kulola kutumiza mbewu kunja, chimanga cholowa kuchokera ku Mozambique, ndi mphamvu ya kwacha. Kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo yathu inasintha popanda Chicago kuchitapo kanthu. Nandolo ndiye nkhani yake ili ku India, nambala za ku Johannesburg sizingatiuze kanthu za iye.

Chomwe ndikukana ndi mtima wonse ndi kuika ndalama za gulu pa mapulogalamu a pafoni omwe achinyamata athu ena m'tauni muno ayamba kutengeka nawo. Msika wathu wa masheya, Malawi Stock Exchange, sugulitsa futures kapena options, ndiye yemwe akukulonjezani phindu la tsiku ndi tsiku kudzera pa WhatsApp, mufunseni kaye kuti chilolezo chake anatenga kuti. Pa futures umaika chikole chochepa koma umaluza molingana ndi matani onse a pangano. Ngati unagula, mtengo ukatsika ndi marandi 100 okha pa tani, pangano limodzi la chimanga lakudyera marandi 10,000.

Ndikupempha kuti pa msonkhano ukubwerawu tisankhe anthu awiri, mmodzi akhale mayi, oti Loweruka lililonse azilemba m'kope mtengo ndi open interest ya chimanga choyera ku JSE ndi ya soya ku Chicago, pambali pake nkulemba mtengo wa pa Thondwe ndi pa msika waukulu wa Zomba. Tichite zimenezi nyengo yonse yokolola ndi yogulitsa tisanamangepo chiganizo chilichonse, kuti tione tokha ngati mitengoyi imatsatanadi komanso imachedwerana motani. Ine ndadzipereka kuwaphunzitsa awiriwo kawerengedwe kake. A msungichuma, tidzafunika kandalama ka bandulo ya intaneti, ndipo ndikupempha kuti nkhaniyi ilowe pa ndondomeko ya zokambirana. Malisiti a ulendo ndawasiya kwa alembi.