Tisatenthe bango lonse, mbalame zaulendo zili m'njira

Akonzi,

Ndiloleni ndikumbutse anzanga a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, kuti madambo amene timalimamo madimba amalandiranso alendo ochokera ku Ulaya ndi ku Asia. Timbalame tofanana ndi timba, totchedwa warbler m'Chingerezi, timayamba kufika mu Okutobala, ndipo timabwerera mu Malichi ndi Epulo kukaswa kwawo. Nthawi yofika imeneyi ndi yomwenso ambiri timatentha bango ndi tsekera. Kambalame kolemera magalamu 9, kamene kawoloka chipululu cha Sahara, kakapeza phulusa lokhalokha kamasowa tizilombo todya ndi pobisala. Pokonza dimba tisiye mzere wa bango m'mbali mwa madzi, ndipo ana tiwaletse kutchera ulimbo pamenepo.

Wofuna kuziona afike padambo 5 koloko m'mawa, atavala zovala zosawala. Dzuwa likhale kumsana. Mukaliyang'ana, mbalame iliyonse imaoneka yakuda. Imani malo amodzi mphindi 20, mumvetsere kaye, chifukwa zambiri zimamveka zisanaoneke. Magalasi oonera patali olembedwa 8x42, amene amakulitsa chinthu ka 8, ndi okwanira. Ikamakwana 9 koloko, mphepo imayamba kugwedeza bango ndipo kuimba kumachepa.

Yosavuta kuizindikira ndi great reed warbler: yayikulupo, masentimita 19, mawu ake okalakala ngati a chule. Sedge warbler ili ndi mzere woyera wooneka bwino pamwamba pa diso ndi mizere yakuda kumsana, ndipo imakonda pansi, pafupi ndi madzi. Willow warbler musaifune m'bango, imadya m'masamba a mitengo ya m'mphepete. Marsh warbler imachedwa, imafika cha mu Disembala, ndipo imasokoneza anthu chifukwa imatsanzira kuimba kwa mbalame zina. Palinso zofiirira zakonkuno zokhala m'bango chaka chonse. Yang'anani phiko: zaulendo zili ndi nsonga zazitali, zakonkuno zazifupi.

Kuliza mawu a mbalame pafoni kuti ituluke sindikuvomereza, chifukwa imasiya kudya n'kumafunafuna mdani amene kulibe. Valani majombo popewa likodzo, ndipo m'mbali mwa mitsinje ya Revúbuè ndi Zambezi muime patali ndi madzi, kuli ng'ona.

Mukatola mbalame yakufa yokhala ndi kamphete kachitsulo kumwendo, lembani manambala ndi zilembo zonse, tsiku ndi malo, mutumize ku SAFRING, bungwe la ku Cape Town losunga kaundula wa mbalame zovekedwa timphete, kudzera pa intaneti.

Wokonda mbalame,
Ulónguè, Angónia