Loweruka lino tikamba za Amsterdam

Moni nonse a m'gulu lathu lokambirana mbiri. Loweruka likubwerali tikumana pamalo pathu pomwe paja, 2 koloko masana, ndipo mutu wake ndi mzinda wa Amsterdam.

Tiyamba ndi funso lomwe linatikanganitsa ulendo watha: kodi likulu la Netherlands ndi liti? Malamulo a dzikolo amati ndi Amsterdam, koma aphungu ndi nduna amagwirira ntchito ku Den Haag, ndipo mfumu imakhalanso komweko. Meya wa Amsterdam, mayi Femke Halsema, amene analowa mu 2018, savoteredwa ndi anthu ngati makhansala 45 a mzindawu, amachita kuikidwa ndi boma.

Koma ine chimene chimandizunguza mutu ndi nthaka yake. Mzindawu unamangidwa padambo, pomwe anthu anatchinga mtsinje wa Amstel, ndipo dzina lake limapezeka koyamba m'chikalata cha 1275. Nyumba yachifumu ya pabwalo la Dam inaima pa mizati ya mitengo 13,659 yokhomedwa m'matope. Tangoganizani!

Za VOC, kampani ya ku Netherlands yochita malonda ku Asia imene inakhazikitsidwa mu 1602, tingozikhudza pang'ono. Amene muli ndi mapu aakulu aja, chonde musawaiwale, paja tinkachita kuunjikana pa foni imodzi.